KONZANI NYUMBA YANU YAKALE MVULA ISANADZE

Tsopano chimanga chili m'nkhokwe, mtedza mwakumba, ndipo ena a inu mwabwera kumsika ndi kandalama m'thumba. Ino ndiyo nyengo imene munthu amaima pabwalo m'mawa, nayang'ana nyumba yake, nati mumtima: "Nyumba iyi yakalamba. Chaka chino ndiikongoletse." Maganizo amenewa ndi abwino ndithu. Koma tiyeni tiyambe takambirana musanapite kusitolo, popeza anthu ambiri amayambira kumene anayenera kutsirizira. Amagula simenti ndi penti, namata khoma la kumaso kuti odutsa m'njira aone, pamene denga likudontha ndipo kuseri tsinde la khoma ladyeka ndi madzi.

Mukukumbukira namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, amene anasakaza ku Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Nsanje. Nyumba zina zinakokoloka ndi madzi ndi matope otsika m'mapiri, ndipo pa zoterozo kumata khoma sikukadathandiza. Koma nyumba zinanso zambiri zinagwa zili kutali ndi mtsinje. Mvula inavumba masiku angapo osakata, makoma anamwa madzi kutsinde nafewa ngati phala, ndipo analephera kusenza denga. Zotere zinaonekanso mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 ndi mu Januwale 2022. Khoma silisankha nthawi yogwa. Likagwa usiku limapeza ana ali m'tulo, ndipo mukudziwa inu nomwe kuti mphasa za ana timaziyala m'mbali mwa khoma.

Mdani wamkulu wa nyumba ya zidina, ya mdindo kapena yophoma ndi madzi. Amadzera kumwamba, amadzeranso pansi. Dothi louma ndi lolimba kwambiri, ndipo pali nyumba za zidina zimene zaima zaka zambiri, ana nabadwiramo, nakuliramo, nakwatira. Zinatero chifukwa eni ake sanalole kuti khoma likhale chinyowere. Tsono pokonza kunja kwa nyumba yakale, yambani ndi denga, mubwere kutsinde, kenaka khoma lenilenilo. Zokongoletsa zidze pambuyo.

Zungulirani nyumba poyamba

Tsiku lina m'mawa tengani mpeni ndi chingwe, muzungulire nyumba yanu pang'onopang'ono ngati munthu wofuna kuigula. Musayang'ane kumaso kokha. Pitani kuseri, kumene kumaunjikidwa nkhuni ndi makasu akutha, ndi mbali imene mvula imakonda kuomba. Mbali imeneyo mukuidziwa, chifukwa ndiyo imayamba kukokoloka chaka ndi chaka.

Gwadani muone pamene khoma lakumana ndi nthaka. Ngati pakumbika kamphako koyenda m'litali mwa khoma, lowetsanimo dzanja muyese kuya kwake. Bayani ndi mpeni: dothi labwino limakana, lowonongeka limayoyoka ngati ufa. Bayaninso nsanamira za pakhonde, mphuthu za chitseko ndi mapaso amene mungawafikire, chifukwa chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu lokha. Timizere ta dothi tokwera khoma ndi misewu ya chiswe. Tiphwanyeni, ndipo mubwerenso mawa lake muone ngati tamangidwanso.

Tsono mangani kamwala kuchingwe chija, mugwire chingwecho pamwamba pa khoma, kamwala kalendewere. Chingwe sichinama. Ngati khoma lapendekera kunja kapena m'kati kotero kuti maso akuona, limenelo si lomata ayi, ndi logumula ndi kumanganso. Itanani mmisiri wodziwa, ndipo ana asagone mbali imeneyo kufikira ntchito itatha.

Ming'alu ili mitundu iwiri. Ina ndi ting'onoting'ono, yonga ya pansi pa dambo louma, ndipo ili pa dothi lomatira lokha. Imeneyo isakudetseni nkhawa. Koma mng'alu woyenda kuchokera pamwamba kutsika m'ngodya, kapena wochokera pa zenera kupita chopingasa, kapena woti mukasuzumira muona kuwala kwa m'nyumba, umenewo ndi wa khoma lenileni. Matani kadothi kopingasa pa mng'aluwo, mudikire sabata ziwiri kapena zitatu. Kakang'ambika, ndiye kuti khoma likuyendabe, ndipo kungotseka mng'alu n'kudzinyenga. Kakakhala bwino, kumbani mng'aluwo kuti ukule pang'ono, munyowetse, mulowetsemo zidina zopingasa zolumikiza mbali ziwirizo monga mayi asokera chigamba, ndipo mutseke ndi dothi.

Denga

Inu a nyumba za udzu, mwetani udzu msanga, mu Juni ndi mu Julaye, utauma ndi kuyoyola njere, moto wa tchire usanadutse. Amene amadikira Okutobala amapeza lupsa lokhalokha, nayamba kugula udzu wa chabechabe pa mtengo wokwera. Upeseni kuti masamba ndi zinyalala zichoke, chifukwa zimenezo ndizo zimasunga madzi n'kuyambitsa kuola. Muusunge pa thandala, osati pansi.

Madenga ambiri amadontha osati chifukwa udzu unachepa, koma chifukwa denga ndi logona. Madzi amayenda mozengereza, nalowa. Denga la udzu lifunika kutsetsereka kwambiri. Muyeso wake ndi uwu: ngati nyumba ili mapazi 12 m'lifupi, nsonga ya denga ikwere mapazi 6 kuchokera pamwamba pa khoma, ndiye kuti theka la m'lifupi mwa nyumba. Ngati mapaso aola ndipo muti musinthe, imeneyi ndiyo nthawi yokweza denga. Folerani kuyambira m'munsi, udzu wa pamwamba uphimbe wa pansi, ndipo ukhale wochindikala mainchesi 6 kapena kuposa. Musaunjike udzu watsopano pamwamba pa woola chaka ndi chaka. Umalemera ukanyowa, ndipo mapaso akale amathyoka. Pepala la pulasitiki limene ambiri amayala pansi pa udzu limathandiza chaka choyamba, koma silisandutsa denga logona kukhala labwino, ndipo pamene dzuwa laliwomba limang'ambika.

Mutu umodzi susenza denga. Uzani abale ndi anansi nthawi ikadalipo, kuti lero afolere kwanu, mawa mukafolere kwawo.

Chachikulu pa zonse ndi ichi: denga lituluke kunja kwa khoma mapazi 2 kapena kuposa, mbali zonse zinayi. Makolo athu ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankamanga khonde lozungulira nyumba yonse. Khonde silinali lochezerapo chabe. Linali chofunda cha khoma.

Apa mpamene ambiri ogula malata amalakwa. Munthu wasunga ndalama zaka zitatu, wapita kusitolo, waona mtengo, ndipo wasankha malata aafupi kuti achuluke. Akakhoma, malata athera pamphepete penipeni pa khoma. Anthu amuyamikira kuti wamanga ya malata, koma nyumba ija imene inali yofunda ndi udzu tsopano ili pambalambanda. Madzi onse a padenga amagwera patsinde, nathovukira kukhoma, ndipo pakapita madzinja awiri tsinde ladyeka. Ngati ndalama sizikwana malata otalika, dikirani chaka china, kapena onjezani kakhonde ka udzu mbali imene mvula imaomba.

Pogula malata dziwani kuti nambala yaing'ono ndiyo lata lochindikala: geji 28 ndi lolimba kuposa geji 32. Misomali ikhomedwe pamsana pa lata, osati m'khwawa moyenda madzi. Malata akalumikizana m'litali, lapamwamba liphimbe lapansi mainchesi 6. Ndipo kumbukirani kuti malata ndi opepuka, mphepo imawanyamula ngati chipewa. Miyala ndi njerwa zosanjika padenga sizigwira kanthu, ndipo zikagwa zimagwera anthu. Mangani mitanda ya denga ndi waya wolimba, wayayo atsike m'khoma mizere inayi kapena isanu ya njerwa, kuti mphepo ikafuna kunyamula denga ipeze likulemera ndi khoma. Malata akale odontha pa misomali musawataye msanga. Zulani misomali yogwedera, mukhome ina yokhala ndi chipewa, ndipo timabowo mutseke ndi phula.

Tsinde la khoma

Denga likatha, gwirani khasu. Mayi akamasesa pabwalo tsiku ndi tsiku kwa zaka khumi, tsache limachotsa dothi pang'onopang'ono. Pena bwalo limatsika mpaka maziko kuonekera, pena pamakumbika chigwembe chosunga madzi pafupi ndi khoma. Palibe wolakwa pamenepa, kusesa n'kofunika, koma dothi lochokalo liyenera kubwezedwa. Thirani dothi kuzungulira nyumba yonse, mulitsendere ndi chipika, likhale lokwera kukhoma ndi lotsetserekera kunja, mapazi 3 m'lifupi. Pamene madzi a padenga amagwera yalanipo miyala yaing'ono kapena zibenthu za njerwa zootcha kuti madzi asathovuke. Ngati nyumba ili pa mtsetse, kumbani ngalande kumtunda kwake, yokhota ngati uta, kuti madzi ochokera kumtunda apatuke asanafike. Madzi saiwala khwawa: kumene anadzera chaka chatha adzadzeranso komweko. Ngalandeyo musailozetse pa khomo la mnzanu, mungayambitse mlandu wa kwa amfumu.

Pamene tsinde ladyeka kwambiri musangopaka matope ofewa ndi dzanja. Matope ochuluka chotero akauma amafota, nalekana ndi khoma. Chirikizani denga ndi mitengo poyamba. Kenaka palani dothi lonse lofumbutuka mpaka mupeze lolimba, museme malowo kuti akhale ndi ngodya, munyowetse pang'ono, ndipo mulowetsemo zidina kapena njerwa zootcha zomangidwa ndi dothi, zothinana bwino. Gwirani chigawo cha mapazi 2 okha, mudumphe, mugwire china, ndipo mubwerere ku zotsalazo zoyambazo zitauma. Mukakumba tsinde lonse tsiku limodzi, khoma lidzakugwerani.

Nkhuni, mapesi ndi matabwa zichoke pakhoma, chifukwa ndizo mlatho wa chiswe. Mbuzi nazo zimakonda kudzikhula kukhoma ndi kugona pakhonde. Zimangireni khola lawo.

Za simenti pa khoma la dothi

Tsopano tifike pa nkhani imene ena a inu simuikonda. Simenti ndi wabwino pa malo ake, koma pa khoma la zidina kapena la mdindo ndi mlendo wosagwirizana ndi mwini nyumba. Dothi limafufuma pang'ono likamva chinyontho, nilifota likauma. Simenti satero, amangouma gwa. Motero pakapita nyengo ziwirizi zimalekana. Simenti amachita ming'alu yopyapyala, madzi amalowa m'ming'alumo, koma potuluka alibe, chifukwa simenti salola khoma kupuma. Dothi la m'kati limakhala chinyowere, chiswe chimayenda kuseri kwa simenti osaoneka, ndipo kunja nyumba ikuwala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngati khoma lanu linapakidwa kale simenti, ligogodeni ndi chala. Pamene palira ngati ng'oma ndiye kuti palekana. Gumulani pamenepo muone za m'kati. Wolemba nkhani ino anaonapo nyumba ina imene chibenthu cha simenti chachikulu ngati chitseko chinagwa tsiku limodzi, ndipo kuseri kwake zidina zinali zitatha theka. Mwini wake anali atawononga matumba angapo. Penti wa mafuta pa khoma la dothi amachitanso chimodzimodzi, amatsekera chinyontho m'kati kenaka n'kusupuka.

Kodi tsono simenti mwagula kaleyo mutani naye? Ali ndi ntchito. Mangirani miyala kapena njerwa zootcha za m'mphepete mwa khonde, masitepe a pakhomo, ndi pogwera madzi a padenga. Ngati nyumba yanu ndi ya njerwa zootcha zomangidwa ndi dothi, pamenepo simenti amagwira. Kolokosani dothi la pakati pa njerwa kuya theka la inchesi, munyowetse, ndipo mutseke mizereyo ndi simenti muyeso umodzi ku miyeso 5 ya mchenga. Thumba limodzi la makilogalamu 50 limapita patali pa ntchito yotere kusiyana ndi kupaka khoma lonse, ndipo nyumba imaoneka bwino ndithu. Mchenga ukhale wa kumtsinje, wosadetsa manja mukaufikisa. Muziwaza madzi pa simentiyo m'mawa ndi madzulo masiku 7, chifukwa simenti wouma msanga ndi dzuwa salimba.

Dothi lomatira

Khoma la dothi limafuna dothi linzake. Inu amayi ntchito iyi mukuidziwa kuposa amuna, ndipo tingoonjezapo pang'ono. Dothi la pachulu kapena la kudambo limagwira bwino, koma palokha limang'ambika likauma. Mchenga ndiwo umaletsa kung'ambika. Udzu wodula tizidutswa totalika ngati chala umamanga dothi pamodzi, ndipo ndowe za ng'ombe zimalithandiza kupirira mvula. Madothi amasiyana mudzi ndi mudzi, motero palibe muyeso umodzi wokwanira dziko lonse. Yesani nokha. Kandani dothi ndowa imodzi ndi mchenga ndowa imodzi, mumate kachigamba kuseri kwa nyumba. Pambali pake matani china cha dothi imodzi ndi mchenga ziwiri, ndi chinanso cha dothi imodzi ndi mchenga zitatu. Dikirani masiku awiri. Chimene chang'ambika, dothi lachuluka. Chimene chikuyoyoka mukachikhula ndi dzanja, mchenga wachuluka. Chimene chakhala bwino, umenewo ndiwo muyeso wa kwanu, ndipo muukumbukire chaka chamawa.

Dothi lokanda lero n'kugona usiku umodzi kapena uwiri limamatika bwino kuposa la lero lomwe. Musanamate, sesani khoma, mulikande ndi mpeni kapena msomali kuti dothi latsopano lipeze pogwira, ndipo muliwaze madzi. Ponyani dothi mwamphamvu, musalipake monyengerera. Lisachindikale kuposa chala chanu. Pamene pakumbika kwambiri bwerezani kawiri kapena katatu, loyamba litauma. Tsatani mthunzi: mbali ya kumadzulo m'mawa, ya kum'mawa madzulo. Dothi louma msanga pa dzuwa la Okutobala limang'ambika ngakhale muyeso uli wabwino, ndipo n'chifukwa china chogwirira ntchitoyi mu Ogasiti. Likayamba kulimba, kulungizani ndi mwala wosalala monga muchitira pozira.

Laimu

Pamwamba pa dothi louma pakani laimu, amene akuluakulu amamutcha njereza. Iye amagwirizana ndi dothi chifukwa amalola khoma kupuma: mvula yowaza imatsetsereka, koma chinyontho cha m'kati chimatuluka. Laimu amachokera ku miyala yootcha, monga ija ya ku mapiri a Chenkumbi ku Balaka. Mukamupaka pakhoma amakoka mpweya pang'onopang'ono, nabwereranso kukhala mwala wopyapyala. Chenjerani pogula: funsani laimu womangira nyumba. Laimu wothira m'munda ndi mwala wongopera, sanaotchedwe, ndipo pakhoma amangotsuka ndi mvula yoyamba.

Mvikeni m'madzi dzulo lake kapena masiku angapo ntchito isanayambe. Tsiku lopaka onjezani madzi mpaka akhale ngati mkaka, osati ngati phala, ndipo musefe pa nsalu. Burashi ya khonje wosasantha imakwana. Wazani madzi pakhoma, mupake mopyapyala, mbali ya mthunzi. Poyamba adzaoneka ngati madzi chabe, ndipo mudzaganiza kuti akunyengani kusitolo. Musaonjeze laimu. Amayera akamauma. Pakani katatu, kulekeza tsiku limodzi pakati. Wopaka kamodzi mochindikala amapeza laimu akusupuka, nadetsa zovala za aliyense wotsamira khoma. Ena amathiramo mchere. Pa khoma la dothi ife sitikulangizani zimenezo, popeza mchere umakoka chinyontho, ndiponso mbuzi zidzanyambita nyumba yanu. Laimu amaotcha khungu ndi maso. Ana akhale kutali ndi ndowa, ndipo akagwera m'diso tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, mupite kuchipatala.

Amene alibe ndalama ya laimu asadandaule. Katondo wofiira, mtsiro wakuda wa kudambo ndi dothi loyera ndi penti wa makolo, ndipo nyumba yozira bwino, ya mzere wakuda m'munsi ndi maluwa ojambula ndi dzanja la mayi, siichita manyazi pamaso pa nyumba ina iliyonse. Mzere wakuda uja uli ndi nzeru yake: umabisa matope othovuka, ndipo ndiwo malo amene mudzabwereza kuzira kawirikawiri.

Mazenera ndi mipata

Ambiri pokonza nyumba yakale amafuna kukuza mazenera kuti muziwala. N'zabwino, koma zenera lililonse ndi bala pakhoma. Musaboole pafupi ndi ngodya kapena pafupi ndi chitseko. Siyani mapazi 3. Pamwamba pa zenera ikani thabwa lochindikala kapena mtengo wosadyeka ndi chiswe, wolowa m'khoma phazi limodzi mbali iyi ndi iyo, kuti usenze zidina za pamwamba. M'munsi mwa zenera mukhale motsetserekera kunja.

Pomwe makwerero akadali pakhoma, yang'anani mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Udzudzu wa malungo umakonda kulowera pamenepo usiku, potsata fungo la anthu ogona. Tsekani mpatawo ndi zidina ndi dothi kuzungulira nyumba yonse, ndipo m'mazenera mukhome waya wa sefa kuti mphepo izilowabe. Neti musaitaye, muzigonamo monga kale. Ngati mumasonkha moto m'nyumbamo, siyani potulukira utsi, pamenepanso mutchinge ndi sefa.

Zonsezi zithe chizimalupsa chisanagwe, pamene simunatanganidwe ndi kusosa ndi kugalauza. Dothi lotsala musalitaye. Liumbeni mibulu, liume, mulisunge pakhonde, kuti pakagumuka pena pakati pa dzinja mudzangoliviika n'kumata tsiku lomwelo. Ndipo mvula yoyamba yamphamvu ikadzagwa, musakhale m'nyumba. Fundani thumba, mutuluke, muzungulire nyumba mvula ikugwa, muone pamene madzi a padenga akugwera, pamene akuima, ndi khoma limene lanyowa. Zikani timitengo pa malo amenewo, ndipo kukacha mubwerepo ndi khasu.